Nsinjiro mu Msuzi Wanga

Ku Croydon, kuno ku London, amanditcha mkazi wamwano. Akuti ndinathamangitsa munthu wamkulu pagulu, azungu akuona, pa nkhani ya ndiwo chabe. Nkhaniyi yazungulira m'maliro, m'maukwati ndi m'magulu a pafoni, ndipo aliyense woifotokoza amathirako kamchere kake. Ine mwini wake palibe anandifunsapo. Ndiye lero ndinena ndekha, wokwiya akwiye.

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi m'khitchini ya kalesitilanti ka mdala wina Mtaliyana wobadwira ku America. Ndinalowa ngati wotsuka mbale. Mdalayo anali wolongolola, wosachedwa kupsa mtima, koma pophika sankabisa kanthu. Anandiphunzitsa kuumba timipira ta nyama yogaya, tosakaniza ndi buledi wonyika mumkaka kuti tisaume. Anandiphunzitsa kusasantha chidali cha nkhuku mpaka chipyapyale, kuchikutira nyenyeswa za buledi, kuchikazinga, kenako n'kuikapo tchizi. Koma chachikulu chinali msuzi wa tomato. Mulibe zambiri mmenemo: tomato, adyo, mafuta a olivi, mchere ndi timasamba tonunkhira, basi. Chotsala ndi kudekha, maola anayi pamoto wochepa. Ukafuna kuonjezamo kanthu ka nzeru zako, ankakumenya ndi kansalu kopukutira mbale pamkono. Ankati chakudyachi si cha ku Italy kwenikweni, ndi cha Mataliyana osauka amene anasamukira ku America n'kukapeza nyama yotchipa. Ine zimenezo ndinkazimva bwino, poti nanenso ndine wobwera.

Mawondo atamukanika, mdalayo anatseka lesitilanti n'kubwerera kwawo. Ine ndinapeza ntchito m'khitchini ya chipatala ku Edmonton, kumpoto kwa London, kufupi ndi kumene timakhala. Ntchito yake inali kukankha ngolo ya mbale m'mawodi, kugawira odwala mbatata yosinja yopanda mchere. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kuopa mtedza. Kwathu munthu akati chakudya chimandiwenga, timaganiza za tizidzolo toyabwa. Kuno ndinaona ndi maso angawa mnyamata wamkulu ndithu, milomo itatupa, pakhosi patatsekeka, anamwino akuthamanga naye, chifukwa cha kabisiketi kamodzi. Chiyambire tsiku limenelo pepala lolembapo zakudya zowenga anthu ndinkaliwerenga mosamala kuposa kalata ya ku ofesi yoona za olowa m'dziko.

Koma manja anga ankayabwa. Munthu wodziwa kuphika n'kumagawa mbatata yopanda mchere, mtima umawawa. Ndinasunga pang'onopang'ono mpaka ndinagula vani yakale imene ena ankagulitsiramo mabega, mabanzi oikamo nyama yogaya aja. Inali ikununkha mafuta opserera, ndipo ndinaikwecha milungu itatu nditagwada. Ndinaipenta kufiira, ndinaikamo furiji ndi sinki yosambira m'manja, ndinaitana wodziwa za gasi, ndinalembetsa kukhonsolo, ndinalemba mayeso a ukhondo. Woyendera wa kukhonsolo anabwera n'kusuzumira mpaka kuseri kwa furiji, sanapeze chonena. Ndinamata pepala langa pambali pa zenera logulitsira, lolemba chilichonse chimene chili m'zakudya zanga: muli tirigu, muli mkaka, muli mazira. Mtedza mulibe. Limeneli ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinkanyadira nalo.

Vani yopanda malo oimikapo ndi chitsulo chabe. Malo abwino ku London sapezeka chisawawa, anthu amadikira mpaka kukalamba. Ine maso anga anali pa msika wina wa Loweruka ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje, kumene kumadzaza ophunzira a kuyunivesite ndi alendo otsika m'maboti. Ndinalembetsa n'kudikira zaka ziwiri. Tsiku lina mayi woyang'anira msikawo anandiimbira foni kuti malo amodzi atseguka. Tinalipo awiri owafuna. Aliyense apatsidwa Loweruka limodzi loti adzionetse, iye aziona mmene tikugwirira ntchito, kenako asankha mmodzi. Akandisankha ndinali woti ndisiya ngolo ya kuchipatala. Ndikalephera, ndibwerera kumchira wa mzere.

Tsopano ndinene za azakhali. Ndi alongo awo a apongozi anga aamuna. Anabwera kuno kalekale ndi amuna awo, amene anathawa kwathu m'masiku aja munthu ankasowa chifukwa cholankhula zandale. Amuna anga atafika ku London, mnyamata wopanda kalikonse, anagona pasofa pa azakhaliwo ku Croydon zaka zitatu. Pa ukwati wathu azakhaliwo anakhala pampando wa amayi a mkwati. Zimenezo sindikana, ndipo sindinaiwale. Ndiponso ndi iwo amene amalamula mapoto pa maliro alionse ndi ukwati uliwonse wa anthu akwathu kuno. Poto satsika pamoto asanalawe iwo. Amayi akuluakulu a madigiri awo amaima pambali manja kumbuyo, kudikira kuti azakhali anene ngati mchere wakwana.

Atamva za vani anabwera kunyumba kudzaona. Anaizungulira kawiri, anagogoda chitseko chake ngati akugula mbuzi.

"Ndiye iwe mwana wa kwathu ukagulitsa zakudya za Mataliyana? Mataliyanawo atha?"

Ndinaseka, poti munthu wamkulu akaseleula umaseka. Ndinawapakulira msuzi wanga m'kambale ndi timipira tiwiri. Analawa, anatafuna nthawi yaitali, anapukuta pakamwa.

"Nyamayi si yoipa ayi. Koma msuziwu, my dear, ndi madzi ofiira. Wosagwira pakamwa. Amayi ako sanakuphunzitse kutendera?"

Ndinawafotokozera kuti msuzi umenewu suthiridwa nsinjiro, kuti ndi momwe umakhalira, komanso kuti m'vani mwanga simulowa mtedza wa mtundu uliwonse chifukwa ena umawapha. Anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Anati amenewo ndi matenda a anthu okhuta. Kenako analengeza kuti Loweruka loyeserera lija abwera kudzandithandiza, poti mutu umodzi susenza denga.

Atachoka ndinawauza amuna anga kuti sindikuwafuna azakhali m'vani mwanga tsiku limenelo. M'vani muja ndi mothina, anthu awiri kudutsana mumachita kupanikizana. Ndinawapempha kuti awaimbire, ndi azakhali awo.

"Ndi one day chabe," anatero. "Angokhala pampando, azipinda maserviette. Ukawakaniza, kuyankhula kwake titha chaka."

"Ndiye muwakanize inu."

"Ine? Anthu amene anandisunga? Iwe usandiike m'mavuto."

Anandisiyira ine, ine ndinawasiyira iwo, ndipo palibe anaimba foni. Apa ndivomere, nanenso ndinalakwa. Pakamwa ndinali napo, koma ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumuuza kuti ayi pamaso, umangozembazemba mpaka atope yekha. Azakhali satopa.

Loweruka lija tinafika ku Greenwich m'mamawa, kukuzizira, mphepo ya kumtsinje ikulowa mpaka m'mafupa. Msuzi ndinali nditaphika dzulo lake, poto wamkulu wodzaza, ndipo ndinautenthetsa pamoto wochepa n'kuponyamo timipira ta nyama. Buledi ndinamudula, tchizi ndinamukonza, nkhuku zinali m'furiji. Azakhali anafika titangomaliza kuyala zinthu, atakwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, kenako sitima kuchokera ku Croydon, atamanga duku la kutchalitchi, chikwama chachikulu pamkono. Anati tiyambe tapemphera. Anapempherera vani, matayala ake, ogula, ogulitsa anzanga, boma la kuno, boma la kwathu, ndi amuna awo amene anatisiya. Ine diso limodzi linali pa poto.

Atati ameni ndinawakhazika pakampando pakona, ndinawapatsa mpukutu wa mapepala opukutira m'manja. Posakhalitsa woyang'anira msika anatumiza uthenga kuti ndipite kutenti yake ndi ziphaso zanga zonse. Amuna anga anali atapita kukatunga madzi kumpopi wa kumapeto kwa msika. Poto anali pamoto, ndipo msuzi wa tomato ukausiya umagwira pansi.

"Azakhali, mungotakasako pang'ono kuti usapserere. Ndikubwera pompano."

Mthiko ndinawapatsa ndi dzanja langali. Palibe anandikakamiza. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kudziluma.

Kutenti ndinakhalako mwina mphindi khumi. Mayiyo anaona pepala lililonse, anaona pepala la zowenga anthu, anati zonse zili bwino, ndiyambe. Pobwerera ndinapeza anthu atayamba kale kuima pazenera. Ndinasamba m'manja, ndinavundukula poto. Msuzi unaoneka wolimbirako, mtundu wake utayererako pang'ono. Ndinaona, sindinama. Koma ndinaganiza kuti waphwa ndi moto, ndipo nkhuku zinali zikulira m'mafuta, adyo akununkhira vani yonse, munthu woyamba atatambasula kale dzanja. Sindinalawe. Mdala uja anandiphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi kuti usapereke chimene sunalawe, ndipo tsiku limodzi limene zinali zofunika, sindinalawe.

Malonda anayamba bwino, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka kwambiri. Ophunzira ankaluma sangweji, tchizi akutanuka, msuzi ukuyenderera m'zala, n'kuitana anzawo. Mzere unakhota mpaka pa wogulitsa maluwa. Amuna anga ankalandira malipiro pakamakina, ine ndikuumba masangweji osadzutsa mutu. Ndinaona woyang'anira msika ataima chapatali, akuyang'ana mzerewo, akulemba m'kabuku kake. Mumtima ndinati ngolo ya kuchipatala ija tsala bwino. Kunabweranso amayi anayi a kutchalitchi kwa azakhali, oitanidwa ndi iwo, ndipo azakhali anatsika kukawalonjera. Ndinapuma, poti m'vani munapezeka malo.

Kenako panafika mzimayi wina wachizungu ndi kamtsikana ka zaka mwina zisanu ndi chimodzi, kovala jekete yachikasu. Anawerenga pepala langa mofatsa, chala chikuyenda pamzere uliwonse. Atamaliza anandifunsabe ngati muli mtedza. Ndinati mulibe. Anati mwana wake umamuwenga koopsa, ngakhale kachidutswa, ndiye nditsimikize. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti m'vani muno simunalowepo mtedza chiigulireni, kuti ndimagwira ntchito kuchipatala, ndikudziwa chimene akunena. Anamwetulira, mapewa ake anatsika. Anati si kawirikawiri mwanayo amadya za pamsika ngati ana anzake.

Ndinadula buledi wamng'ono, ndinaikamo timipira tiwiri, ndinathira msuzi wambiri, poti ana amakonda msuzi. Ndinakulunga m'pepala n'kupereka. Mayiyo anapatsira mwana, nasuntha pang'ono kuti wotsatira afike.

Nthawi yomweyo azakhali anakwera m'vani, akupuma mwabefu, nkhope ili ngwee. Anawagwira amuna anga paphewa.

"Waona queue imeneyo? Ndi nsinjiro zangatu zimenezo. Ndathiramo makapu awiri uyu atachoka. Ndinabwera nazo m'chikwama, zochokera kumudzi zenizeni. Ukanasiya madzi ofiira aja bwenzi mukuingitsa ntchentche pano."

Sindikumbuka kutsika masitepe. Ndikukumbuka kuti ndinawakankha azakhali ndi phewa kuti ndidutse, ndipo chimenechi ku Croydon amachinena kwambiri. Ndinathamanga ndi epuloni, ndikukuwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, mtedza, mtedza, asadye. Kamwana kaja kanali katatsegula pepala, kakuuzira sangweji chifukwa inali yotentha, pakamwa patayandikira. Ndinaimenya ndi dzanja, inakagwera uko. Msuzi unawazikira pajekete yachikasu. Mwana anayamba kulira mokuwa, poti chimayi chachilendo chamulumphira n'kumumenya dzanja. Mayi wake anandigwira mkono mwamphamvu, zikhadabo kulowa.

Nditanenanso kuti muli mtedza, anandisiya. Anagwada pamaso pa mwanayo n'kumufunsa ngati waluma, ngati wanyambita. Mwana anapukusa mutu akulira. Mayiyo anamuvula jekete, anamupukuta zala chimodzichimodzi, anatulutsa m'chikwama jakisoni amene amayenda naye, namugwira m'dzanja, akuyang'anitsitsa milomo ya mwana wake. Tinaima choncho nthawi yaitali. Milomo sinatupe. Kutentha kwa sangweji ndi kumene kunamupulumutsa mwana uja, osati ine, osati pepala langa la zilembo zikuluzikulu.

Ataimirira sanandilalatire. Bola akanatero. Anangoti, "Ndinakufunsa kawiri." Ndikanati chiyani, kuti ndi azakhali a amuna anga? Kwa iye vani inali yanga, pakamwa panali panga.

Woyang'anira msika anafika akuthamanga. Amuna anga anandinong'oneza kuti ndinene kuti mwina ndi zitini za tomato zimene zinali ndi vuto. Ndinawayang'ana mpaka anayang'ana pansi. Ndinamuuza woyang'anira msikayo zoona zake: ndinasiya poto ndi munthu amene sanaphunzire za ntchitoyi, wathiramo ufa wa mtedza, ine sindinalawe, ndagulitsa kale masangweji ambiri. Anandiuza kuti nditseke zenera pompo. Kenako anati ndizungulire naye msika wonse, tifunefune aliyense wonyamula sangweji yokulungidwa m'pepala langa lofiira.

Ndinayenda msika umenewo ndi epuloni yothimbirira, kuima pa benchi iliyonse, kufunsa anthu osawadziwa ngati mtedza umawawenga, kupepesa, kuwauza kuti asiye kudya. Ena anaseka n'kupitiriza kutafuna. Ena anataya sangweji m'bini ndikuona. Ogulitsa anzanga ankasuzumira m'matenti mwawo, anthu amene ndinkafuna kuti akhale anansi anga Loweruka lililonse. Mwamwayi palibe anadwala. Koma manyazi amene ndinaona tsiku limenelo sindinawaonepo chibadwire, ngakhale tsiku limene anandisecha chikwama pabwalo la ndege.

Titabwerera kuvani, ndinapeza azakhali akadali momwemo. Anali atatulutsa zigubu zapulasitiki za ayisikilimu m'chikwama chawo chija, akupakuliramo msuzi kuti agawire amayi a kutchalitchi, poti chakudya sichitayidwa. Ataona woyang'anira msika anayamba kumuphunzitsa m'Chingerezi chawo chaulemu cha kale chija. Anamuuza kuti kwathu ana amadya phala lotendera asanamere mano ndipo palibe amafa, kuti ana a kuno ndi ofooka chifukwa makolo awo amawaopsa ndi chilichonse, kuti iwo aphikira anthu mazanamazana m'dziko lino kwa zaka zambiri popanda dandaulo. Mayiyo ankangolemba m'kabuku kake kaja.

Apa mtima wanga unasefukira. Amati akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma awa anali atayatsa moto n'kumaukupizira.

"Azakhali, tulukani m'vani mwanga."

Anatembenuka ndi chipande m'manja, ngati sanamve bwino.

"Ndati tulukani. Tengani chikwama chanu, tengani nsinjiro zanu, muzipita. Mwatsala pang'ono kupha mwana wa eni ake, ndiye mukupakula msuzi?"

Ndinakweza mawu, inde. Amayi anayi aja anagwira pakamwa. Sindinatukwane, sindinawatchule dzina loipa, ulemu wa mawu sunachoke. Ndinangowauza kuti atuluke pamalo panga pa ntchito. Iwo anaika chipande pansi pang'onopang'ono, anakonza duku, anatsika masitepe mmodzimmodzi ngati akutuluka m'tchalitchi. Atafika pansi anati, "Zaka zonsezi m'dziko la eni, mzungu sanandithamangitsepo. Lero wandithamangitsa mwana wa m'nyumba mwanga."

Ndipo amuna anga anachita chiyani? Anavula epuloni, ananyamula chikwama cha azakhali, anawaperekeza kusiteshoni. Anati sangawasiye apite okha ali okhumudwa chonchi. Ine ndinatsala ndekha ndi poto wamkulu wodzaza theka, wolemera moti sindikanamunyamula. Wogulitsa maluwa, munthu wosamudziwa, ndi amene anandigwirira khutu lina la poto mpaka kumalo otayira zakudya. Ndinataya msuzi, timipira tonse, buledi amene anakhudzana ndi supuni, nkhuku zomwe. Amuna anga anabwera patapita maola awiri, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Koma ukanangowauza bwinobwino."

Imelo inabwera Lachitatu. Woyang'anira msika anandithokoza chifukwa chonena zoona ndi kuchita changu. Anati chakudya changa anthu anachikonda. Koma anati sangapereke malo kwa munthu amene sangathe kulamulira khitchini yake, ndipo malowo apatsidwa kwa mnzanga uja amene tinkalimbirana naye. Sindinamukwiyire. Ndikanakhala iye ndikanachita chimodzimodzi. Anadziwitsanso a kukhonsolo, monga mwa lamulo, ndipo woyendera anabweranso. Ndinakwecha vani yonse kachiwiri, ndinataya mthiko ndi masupuni, ndinayankha mafunso ake ndikuyang'ana pansi ngati mwana wa sukulu. Anandilola kupitiriza, koma kupitiriza kuti, malo atapita? Lolemba lotsatira ndinavala yunifolomu yanga n'kukakankha ngolo. Vani inaima panja pa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse popita kukakwera basi ndinkaidutsa osaiyang'ana.

Foni ndiye inkangolira. Ankhoswe athu anaimba. Amayi a bungwe la kutchalitchi anaimba. Anaimba mpaka alamu anga a kumudzi, amene sanakwerepo ndege, kundiuza mmene ndinawakankhira azakhali mpaka kugwa pansi, pamene sanagwe n'komwe. Onse nkhani inali imodzi: munthu wamkulu anabwera ndi mtima wabwino kudzakuthandiza, anakwera tramu ndi sitima ndi miyendo yake yodwala ija, anakupatsa nsinjiro zake za kumudzi zimene amazisunga ngati golide, iwe n'kumuchititsa manyazi pamaso pa azungu. Ndinkayembekeza kuti mmodzi yekha afunse kuti kodi mwana uja ali bwanji. Ngakhale mmodzi. Kapena afunse kuti nanga malo aja zatha bwanji. Palibe. Nkhuyu anadya akulu, zinapota ine, ndipo wopepesa ndinayenera kukhala ine ndemwe.

M'nyumba munalowa chisanu. Amuna anga ankachoka kukayendetsa basi yawo, kubwera, kudya, osanena zambiri. Azakhali anali atasiya kuyankha foni zawo, ndipo zimenezi zinkawadya amuna anga mumtima. Tsiku lina anakhala pansi n'kundiuza kuti chibale ndi fupa, sichiola, kuti popanda mayi amenewo iwo akanagona pamsewu m'dziko lino, kuti sakundipempha kuvomera kuti ndinalakwa pa za mtedza, akungondipempha mawu amodzi. Misozi inali m'maso mwawo. Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinali nditawakwiyira. Patapita milungu itatu ndinavomera.

Tinapita ku Croydon Lamulungu masana. Pabalaza panali podzaza: azakhali pampando wawo waukulu pansi pa chithunzi cha malemu amuna awo, ankhoswe awiri, ndi amayi anayi aja, ngati mboni. Ndinavala chitenje pamwamba pa diresi. Ndinalonjera aliyense. Ankhoswe analankhula nthawi yaitali za ulemu ndi za kusunga mwambo m'dziko la eni. Atamaliza ndinagwada pakapeti, mayi wa ana akuluakulu, mawondo akulira.

"Azakhali, pepani kuti ndinakukwezerani mawu pagulu. Pepani kuti ndinakukankhani podutsa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati amva, ndipo akhululuka chifukwa ndi Mkhristu. Amayi aja anati ameni. Amuna anga anapuma mpweya umene anausunga milungu itatu. Zikanathera pomwepo, koma ine ndinali ndikadali chogwada, ndipo ndinaganiza kuti poti ndapereka mbali yanga, mwina nawonso apereka yawo.

"Koma azakhali, malo aja anandilanda. Ndinawadikira zaka ziwiri. Ndipo mwana uja akanaluma kamodzi kokha, bwenzi tikunena zina."

"Malo ndi ambiri mu London," anatero. "Nanga mwanayo anamwalira?"

"Ayi."

"Anagonekedwa ku hospital?"

"Ayi. Sanalume."

Anatambasula manja n'kuyang'ana amayi anzawo.

"Ndiye wakwiyiranji?"

Amayi aja anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene aona kuti mlandu watha bwino. Mmodzi anati ndipo msuziwo unakoma, iye anadyera mpunga masiku awiri. Wina anadzuka kukatenga tiyi kukhitchini. Ine ndinayang'ana amuna anga. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, kuti mwina anene kanthu, kalikonse. Iwo anali akuyang'ana kapeti.

Ndinadzuka osauzidwa. Ndinamasula chitenje, ndinachipinda n'kuchiika m'chikwama.

"Azakhali, pepani ndakupatsani uja ndamutenga. Ndikupita naye."

Ankhoswe anayamba kuti ayi mayi, khalani pansi, koma ine ndinali nditafika kale pachitseko. Amuna anga ananditsatira m'kakhonde, anandigwira mkono ndikuvala nsapato.

"Iwe, tea wabwera kale. Ungomwa kaye, tipite limodzi bwinobwino."

"Tiyeni tsopano," ndinatero. "Ndikukudikirani panja."

Ndinaima pageti mphindi khumi, mphepo ikundiomba. Pazenera ndinkaona mayi uja akugawa makapu. Kenako ndinaona amuna anga akukhalanso pasofa paja, akulandira kapu ndi manja awiri. Ndinayenda ndekha kukakwera tramu.